Kodi ndi vinyo woyera uti amene amayenda bwino ndi nsomba ndi zakudya zina za m'nyanja yamchere?

Nabanda analemba kuti:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kwa miyezi ingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti pano pali anthu amene angandithandize kulimvetsa bwino. Ndimakonda kuphika nsomba za m'nyanja yamchere, ma prawn ndiponso nkhono zija zimatchedwa mussel, ndipo ndikaitana alendo ku chakudya chamadzulo ndimafuna kuti patebulo pakhale vinyo woyenerana ndi zimene ndaphikazo. Kawiri konse tsopano zinthu sizinayende mmene ndinkayembekezera.

Ulendo woyamba ndinawotcha nsomba yathunthu ya mnofu woyera, nditaipaka mafuta a maolivi, adyo ndi mchere, ndipo ndinatsegula vinyo wofiira wa mphesa za Cabernet Sauvignon amene timamukonda tikamadya nyama ya ng'ombe. Nsombayo inali yatsopano ndipo payokha inali yokoma, vinyonso payekha analibe vuto lililonse, koma ndikangomwa nditatafuna nsomba, m'kamwa munkatsala kakomedwe ka chitsulo ngati ndanyambita supuni yadzimbiri, ndipo fungo la nsomba, limene m'mbale silinkamveka n'komwe, linkakwera mpaka m'mphuno. Ulendo wachiwiri ndinati nditsatire zimene aliyense amanena, zoti nsomba imafuna vinyo woyera. Ndinagula Chardonnay wachikasu kwambiri, wonunkhira vanila ndi batala, ndipo ndinamupereka ndi ma prawn okazinga pang'ono ndi madzi a mandimu. Chitsulo chija sichinabwerenso, koma vinyoyo anali wolemera moti anaphimba kakomedwe konse ka ma prawn, ndipo tinkangomva vinyo yekha.

Ndiye ndikufunsa kuti, n'chiyani chinachitika maulendo awiriwa? Ngati kuyera kwa vinyo pakokha sikokwanira, ndi mayina ati kapena mawu ati amene ndiyenera kufufuza pa botolo? Ndimamvanso anthu akusiyanitsa vinyo wowawasa wotsitsimula m'kamwa ndi vinyo wonunkhira kwambiri, ndipo sindikudziwa ngati mitundu iwiriyi imayenda ndi chakudya chofanana. Zikomo kwambiri kwa aliyense amene angapatule nthawi yondiyankha.

A Mwale anayankha kuti:

Mayi Nabanda, funso lanu mwalifunsa bwino chifukwa mwafotokoza zimene munamva m'kamwa, ndipo kakomedwe ka chitsulo kamene mwatchulako kali ndi chifukwa chodziwika. Mu 2009 akatswiri a kampani yopanga vinyo ya Mercian ku Japan anafalitsa kafukufuku amene anasonyeza kuti chimene chimadzutsa fungo loipa la nsomba munthu akamwera vinyo ndi ayironi wopezeka mu vinyomo. Ayironiyo akakumana ndi mafuta a nsomba kapena a nkhono, amawawononga mofulumira m'kamwa momwemo, ndipo mafuta owonongekawo ndi amene amatulutsa fungo lija. Vinyo wofiira nthawi zambiri ndi amene amabweretsa vutoli. Kuwonjezera apo, vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makoko ndi njere za mphesa, ndipo kumeneko amatengako tannin, chinthu chija chimaumitsa m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa kapena mwamwa tiyi amene masamba ake anakhalitsa m'madzi. Nyama ya ng'ombe ili ndi mafuta ndi mnofu wolimba zimene zimafewetsa tannin, pamene mnofu wa nsomba yoyera ndi wofewa ndipo sungathe kulimbana naye. Cabernet Sauvignon ndi mmodzi mwa vinyo amene ali ndi tannin wambiri, choncho munakumanitsa zinthu ziwiri zosagwirizana ngakhale kuti chilichonse pachokha chinali chabwino.

Chimene nsomba imafuna kwa vinyo ndi chomwecho chimene imafuna kwa mandimu. Nsomba za m'nyanja yamchere zikafa, tizilombo tosaoneka ndi maso timayamba kusandutsa mankhwala ena a m'mnofu mwake kukhala trimethylamine, ndipo ameneyu ndi amene amanunkha. Asidi akamugwira amamusandutsa mchere umene suuluka kupita m'mphuno, n'chifukwa chake kadontho ka ndimu kamathetsa fungo. Vinyo wowawasa amagwira ntchito yomweyo, ndiponso amatsuka mafuta pa lilime kuti nthongo yotsatira ikome ngati yoyamba. Chardonnay wanu uja anali atasungidwa m'migolo ya mtengo wa thundu, kumene anatenga fungo la vanila, ndipo anali atadutsa kuwira kwachiwiri kumene kumasandutsa asidi wakuthwa wonga wa m'maapozi kukhala asidi wofatsa wonga wa mumkaka. Fungo la batala limachokera pamenepo. Mwachidule, opanga vinyoyo anachita kuchotsa dala chinthu chimene ma prawn anu ankafuna.

Ine ndikamaphika nkhono kapena nsomba yosachulukitsa zokometsera, dzina loyamba limene ndimafufuza ndi Muscadet. Musanyengedwe ndi dzinali poganiza kuti ndi vinyo wotsekemera wa mphesa za Muscat, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Muscadet amapangidwa kufupi ndi mzinda wa Nantes ku France, kumene mtsinje wa Loire umayandikira nyanja ya Atlantic, kuchokera ku mphesa zotchedwa Melon de Bourgogne, zimene zinafala m'deralo chisanu choopsa cha mu 1709 chitapha mipesa yambiri. Alibe shuga, mphamvu ya mowa mwa iye imakhala pafupifupi maperesenti 12, ndipo fungo lake ndi lochepa, la ndimu ndi apozi wosapsa. Pa botolo fufuzani mawu akuti Sèvre et Maine, amene ndi dzina la dera, komanso mawu akuti sur lie. Mawu omalizawa amatanthauza kuti vinyoyo atamaliza kuwira sanamutsanule msanga, koma anamusiya nyengo yonse yozizira atakhala pa nsenga za yisiti, ndipo nsengazo zimamupatsa thupi pang'ono ndi kafungo ka buledi, nthawi zinanso timathovu tating'ono timene timachita ngati tikulasa lilime. Kudera lomwelo la Nantes n'kumene kunachokera msuzi wotchedwa beurre blanc, umene amaupanga powiritsa vinyo woyera ndi anyezi wamng'ono wa shallot mpaka madzi atatsala pang'ono kuphwa, kenako n'kumavundulamo batala wozizira pang'onopang'ono. Nsomba yophika ndi msuzi umenewu, pambali pali tambula ya Muscadet, ndi chakudya chimene sindinachitope.

Dzina lachiwiri ndi Chablis, ndipo limeneli likuthandizani kuona kuti mphesa za Chardonnay si zimene zinalakwa pa ulendo wanu wachiwiri. Chablis yense ndi Chardonnay, koma amalimidwa kumpoto kwenikweni kwa chigawo cha Burgundy ku France, kumene kumazizira moti mphesa zimapsa asidi akadali wambiri, ndipo opanga ambiri amamusunga m'matanki achitsulo chosachita dzimbiri m'malo mwa migolo yatsopano. Nthaka ya minda yake yabwino ndi ya laimu ndi dongo, ya zaka pafupifupi 150 miliyoni, ndipo munthu akatola mwala m'mundamo amaona timakoko ta nkhono za oyster zakalekale titamatirira. Anthu amakonda kunena kuti n'chifukwa chake Chablis amayenda bwino ndi oyster. Ine nkhaniyi imandisangalatsa, koma sindikhulupirira kuti mizu ya mpesa imayamwa kakomedwe ka chikoko n'kukafikitsa mu tambula. Kuzizira kwa dera ndi kusagwiritsa ntchito migolo yatsopano n'zokwanira kufotokoza zimene timamva. Simufunika kugula wa Grand Cru kapena Premier Cru, amene ndi magulu apamwamba a vinyoyu. Amene pa botolo pake palembedwa Chablis kapena Petit Chablis ndi wokwanira pa chakudya cha nsomba.

Chardonnay wolemera uja musamutaye mtima. Tsiku limene mudzaphike nkhanu yaikulu ya lobster yoviika mu batala wosungunula, kapena nsomba ya msuzi wa kirimu, iye ndi amene adzayenerane nazo, chifukwa pamenepo chakudya ndi vinyo zidzakhala zolemera mofanana.

Namoyo anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi zimene a Mwale afotokoza pa nkhani ya asidi, koma ndikuona kuti vinyo awiri amene atchulawo ndi ofatsa fungo, pamene mayi Nabanda afunsanso za vinyo wonunkhira. Kwa ine, vinyo amene amaphatikiza zonse ziwiri, kuwawasa ndi kununkhira, popanda chimodzi kupondereza chinzake, ndi Albariño wa ku Rías Baixas m'chigawo cha Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa Spain. Derali linalandira dzina lake lovomerezeka ndi lamulo mu 1988. Ndi dera la mvula yambiri ndi chinyezi, moti alimi amakweza mipesa pamwamba pa zipilala za mwala, ngati denga, kuti mphepo izidutsa pansi pa mphesa ndipo zisachite nkhungu. Mphesa zake ndi zazing'ono, za khungu lochindikala, ndipo vinyo wake amanunkhira pichesi, khungu la lalanje ndi maluwa, koma pomeza amasiya kakomedwe konga kamchere. M'magombe omwewo, makamaka ku Ría de Arousa, anthu amaweta mussel pa zingwe zolendewera m'madzi kuchokera pa maphaka oyandama otchedwa bateas, ndipo tauni ya Cambados imachita chikondwerero cha vinyoyu chaka chilichonse kumayambiriro kwa mwezi wa August. Choncho vinyoyu ndi nkhonozi zinakulira limodzi patebulo.

Mayi Nabanda, popeza mwati mumaphika mussel, ndikuuzeni mmene ine ndimachitira. Ndimazitsuka m'madzi ozizira, n'kuzula ulusi uja umatuluka m'mbali mwa chikoko, ndipo iliyonse imene yatseguka ndimaigogoda pa tebulo. Ikapanda kudzitseka ndimaitaya chifukwa ndiye kuti inafa kale. Mumphika ndimafewetsa anyezi ndi adyo mu batala pang'ono, ndimathiramo tambula imodzi ya vinyo yemweyo amene tidzamwe, ndipo akayamba kuwira ndimakhuthuliramo nkhonozo n'kuvundikira. Pakatha mphindi 4 kapena 5 ndikavundukula, nthunzi imabwera ndi fungo la nyanja losakanikirana ndi la vinyo, makoko onse atayasama, ndipo pansi pa mphika pamakhala msuzi umene nkhonozo zatulutsa zokha. Msuzi umenewo uli kale ndi mchere wokwanira, musawonjezere wina. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu a mamililita 150, choncho imodzi ikalowa mumphika, anayi otsalawo amakwanira patebulo la anthu anayi. Kuphikira vinyo yemwe mukumwayo ndi njira yosavuta kwambiri yogwirizanitsira mbale ndi tambula.

Mukawoloka mtsinje wa Minho kulowa ku Portugal, mphesa zomwezi amazitcha Alvarinho, makamaka ku Monção ndi ku Melgaço, ndipo dera lonselo ndi la Vinho Verde, limene malire ake anaikidwa mu 1908. Mawu akuti verde amatanthauza chobiriwira, koma vinyoyo si wobiriwira mtundu. Amatanthauza kuti ndi wamng'ono, womwedwa asanakhalitse. Vinho Verde wamba amasakaniza mphesa monga Loureiro, Arinto ndi Trajadura, mowa wake ndi wochepa, kawirikawiri pakati pa maperesenti 9 ndi 11, ndipo ali ndi timathovu pang'ono. Ndimamukonda ndi nsomba zing'onozing'ono zokazinga m'mafuta ambiri, chifukwa amatsuka mafutawo pakamwa, ngakhale ndivomereze kuti pa nsomba ya msuzi wolemera amazimirira.

Pa nsomba yathunthu yowotcha pa makala ngati yanu ija, imene khungu lake lapserera pang'ono ndipo yathiridwa mafuta a maolivi, ine ndikanasankha Assyrtiko wa pa chilumba cha Santorini ku Greece. Kumeneko mipesa imamera pa phulusa la phiri lophulika, mvula ndi yochepa ndipo mphepo ndi yamphamvu, choncho alimi amaluka nthambi za mpesa kukhala ngati dengu pansi penipeni, mphesa n'kumakulira mkati mwa dengulo motetezeka. Chodabwitsa cha mphesa zimenezi n'chakuti zimasunga asidi wambiri ngakhale zitapsa pa dzuwa lotentha. Vinyo wake ali ndi mphamvu, mowa umafika maperesenti 13 kapena kuposa, koma ndi wakuthwa ngati ndimu, ndipo sagonja pamaso pa utsi wa makala.

A Gondwe anayankha kuti:

Ndikudabwa kuti mpaka pano palibe amene watchula Sauvignon Blanc, pamene ndi vinyo amene mayi Nabanda angamupeze mosavuta kuposa ena onse amene atchulidwa. Koma pakufunika kusiyanitsa. Wa ku Sancerre ndi ku Pouilly-Fumé, madera awiri oyang'anizana kutsidya lino ndi kutsidya lija la mtsinje wa Loire, fungo lake ndi lodziletsa, la ndimu, udzu wongodula kumene ndi mwala wonyowa, ndipo amayenda ndi nsomba yoyera iliyonse. Pa mabotolo amenewa kawirikawiri simupeza dzina la mphesa, mupeza dzina la dera lokha. Wa ku Marlborough ku New Zealand, kumene minda ikuluikulu ya mphesa inayamba mu 1973 ndipo dziko linayamba kumudziwa kwambiri vinyo wa Cloudy Bay atatuluka mu 1985, ndi wofuula: mukangotsegula botolo mumamva magalagadeya ndi tsabola wobiriwira musanathire n'komwe. Wa m'madera ozizira a ku South Africa monga Elgin, Elim ndi Constantia amakhala pakatikati pa awiriwa.

Apa m'pamene pali yankho la funso lanu lomaliza, mayi. Vinyo wonunkhira kwambiri amafuna chakudya chimene nachonso chili ndi mawu ake. Sauvignon Blanc wa ku Marlborough amakoma ndi ma prawn okhala ndi adyo wambiri, masamba onunkhira ndi madzi a ndimu, kapena ndi nsomba yaiwisi yonyika m'madzi a mandimu monga amachitira ku Peru ndi chakudya chawo cha ceviche. Koma mukamuika pambali pa oyster yaiwisi kapena nsomba yongophika ndi nthunzi, adzachita zomwe anachita Chardonnay uja, kungoti iye adzaphimba chakudya ndi fungo la zipatso m'malo mwa batala.

Chinanso chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi kuzizira. Firiji imakhala pa madigiri 4 kapena 5, ndipo vinyo wozizira choncho sanunkhira, amangomveka kuwawasa kokha. Vinyo wopepuka amafuna madigiri 8 mpaka 10, ndipo wathupi monga Chablis wabwino amafuna 10 mpaka 12. Tulutsani botolo m'firiji mphindi 15 kapena 20 musanathire. Ngati mwaiwala kuziziritsa, ndowa ya madzi osakaniza ndi ayezi imachita msanga kuposa ayezi yekha, chifukwa madzi amakhudza botolo lonse. Muziyang'ananso chaka cholembedwa pa botolo, chifukwa Vinho Verde, Sauvignon Blanc ndi Albariño wamba amakoma asanapitirire zaka ziwiri kapena zitatu.

Nabanda analembanso kuti:

Zikomo kwambiri a Mwale, mayi Namoyo ndi a Gondwe. Tsopano ndamvetsa kuti ndinkayang'ana kuyera kapena kufiira kwa vinyo pamene ndinafunika kuyang'ana asidi, migolo ndi kulemera kwa chakudya. Loweruka lapitali ndinaphika mussel motsatira ndondomeko ya mayi Namoyo, ndipo ndinapeza Albariño wa chaka chathachi. Ndinamutulutsa m'firiji nkhono zisanalowe mumphika, ndipo pamene tinkakhala patebulo fungo la pichesi linali litayamba kumveka, pamene tambula yoyamba imene ndinalawa atangotuluka m'firiji inalibe fungo lililonse. Fungo loipa la nsomba silinabwere ngakhale pang'ono, ndipo msuzi wa pansi pa mphika unatha wonse.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Kawirikawiri ndimaphika ma prawn mu msuzi wa kokonati wokhala ndi tsabola wowawa ndi jinja, monga amaphikira ku Thailand, ndipo ndikukayika ngati vinyo amene mwatchulawa angapirire tsabola. Chachiwiri, kodi ndiye kuti vinyo wofiira ndi woletsedwa kotheratu pa nsomba iliyonse, ngakhale ya mnofu wofiira monga tuna ndi salmon?

A Mwale anayankhanso kuti:

Mwachita bwino kukayika, mayi, chifukwa tsabola amasintha zinthu zonse. Chimene chimawotcha mu tsabola ndi capsaicin, ndipo mowa umakulitsa kuwotchako m'malo mokuziziritsa, pamene shuga pang'ono amakufewetsa. Choncho Assyrtiko wa maperesenti 13 amene mayi Namoyo anamuyamikira pa nsomba ya pa makala angakuwotcheni pakamwa mukamumwera msuzi wa tsabola, ndipo Muscadet wanga angangomveka ngati madzi owawasa. Apa vinyo woyenera ndi Riesling wa ku Germany, makamaka wa m'chigwa cha mtsinje wa Mosel, kumene mipesa imamera pa mapiri otsetsereka kwambiri a miyala yakuda yosalala imene imasunga kutentha kwa dzuwa. Mawu a pa botolo ndi ofunika kuwadziwa. Trocken amatanthauza wopanda shuga, halbtrocken kapena feinherb amatanthauza wotsekemera pang'ono, ndipo vinyo wa gulu lotchedwa Kabinett amene pa botolo pake palibe mawu akuti trocken kawirikawiri amakhala ndi shuga wotsalira ndi mowa wochepa, wa maperesenti 8 kapena 9. Pa msuzi wanu wa kokonati ndikanatenga Kabinett kapena feinherb. Musaope shugayo, chifukwa Riesling ali ndi asidi wochuluka moti kutsekemerako sikukhalitsa pa lilime, ndipo fungo lake la ndimu, apozi ndi maluwa limagwirizana ndi jinja.

Riesling wopanda shuga nayenso ali ndi malo ake. Wa ku Clare Valley ndi Eden Valley ku Australia amanunkhira ndimu wobiriwira ndipo ndi wabwino pa nkhanu yophika yongodyera ndi mchere. Opanga vinyo a ku Clare Valley ndi amene mu 2000 anagwirizana kuti ayambe kutseka Riesling wawo ndi zitsekerero zachitsulo zopotokola m'malo mwa zija za khungwa la mtengo, pofuna kuteteza fungo lake, choncho mukaona chitsekerero chotere musaganize kuti vinyoyo ndi wachabechabe. Ndichenjezenso kuti Riesling akakhalitsa zaka zingapo amayamba kumveka kafungo konga ka palafini. Si kuwonongeka, ndipo ambiri amakakonda, koma pa ma prawn ine ndimasankha wamng'ono.

Ena adzakuuzani kuti pa chakudya cha tsabola mutenge Gewürztraminer wa ku Alsace ku France. Fungo lake la maluwa a rozi ndi chipatso cha lychee ndi lokongola, koma asidi wake ndi wochepa ndipo mowa wake ndi wambiri, choncho pa zakudya za m'nyanja ine sindimulimbikitsa, pokhapokha ngati msuziwo ndi wonona kwambiri ndipo tsabola wake ndi wochepa.

Pa funso lachiwiri, vinyo wofiira si woletsedwa kotheratu. Tuna yowotcha kunja kokha, mkati ikadali yofiira, ili ndi mnofu wolimba woyandikira wa nyama, ndipo salmon ili ndi mafuta ambiri. Nsomba ziwirizi zimatha kuyenda ndi vinyo wofiira wopepuka wa tannin wochepa, monga Pinot Noir kapena Beaujolais wa mphesa za Gamay, makamaka mukamuziziritsa pang'ono kufika madigiri 13 kapena 14. Ku Oregon, m'dziko la America, salmon ndi Pinot Noir ndi zinthu zimene anthu anazizolowera limodzi. Komabe popeza ayironi sitingamuone pa botolo, njira yotsimikizira ndi kulawa kachidutswa ka nsomba ndi kavinyo pang'ono kukhitchini alendo asanafike, n'kudikira masekondi angapo mutameza, chifukwa fungo lija limabwera pambuyo.

Namoyo anawonjezera kuti:

Pa salmon ndisiyana pang'ono ndi a Mwale. Ndayesapo Pinot Noir kangapo, ndipo ngakhale kuti sanawononge chakudya, nthawi zonse ndinkaona kuti mafuta a nsombayo akutsalira pa lilime. Chenin Blanc wopanda shuga, kaya wa ku Savennières ndi Vouvray m'chigwa cha Loire kapena wa mipesa yakale ya ku Swartland ku South Africa, ali ndi thupi lokwanira kuyenderana ndi salmon komanso asidi wokwanira kudula mafutawo, ndipo ndi amene ine ndimatsegula. Pa Vouvray fufuzani mawu akuti sec, chifukwa deralo limapanganso vinyo wotsekemera pansi pa dzina lomwelo.

Mayi Nabanda, ngati pa Albariño wa Loweruka uja panatsala kanthu, mutsekeni bwino n'kumuimika m'firiji, ndipo adzakhala wabwino kumwa kwa masiku awiri kapena atatu. Akapitirira pamenepo fungo la pichesi lidzakhala litachoka, koma asidi adzakhalapobe, choncho mungathe kumuthira m'timbale topangira ayezi n'kumuumitsa, kuti tsiku lina mukadzaphikanso nkhono mudzangoponya tizidutswa titatu kapena tinayi mumphika anyezi akangofewa.